Clara ndi Masitepe Awiri

Clara anali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ankakhala ku Chikanda, mumzinda wa Zomba. Clara ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna ababa ake abwere kunyumba.

Ababa ake anali a Mateyu. Ntchito yawo inali yosenza matabwa kuchokera m'phiri la Zomba. Tsiku lina anaterereka pamwala. Thabwa linawagwera. Miyendo yonse iwiri inathyoka. Anawagoneka m'chipatala.

Loweruka pa 7 Juni, Clara ndi amayi anapita kukawaona. Adokotala anatchula tsiku. A Mateyu adzatuluka Loweruka pa 21 Juni. Koma sadzayamba kuyenda msanga. Adzayendera chikuku, mpando wa mateyala.

Clara anakondwa. Amayi anakondwa. Koma ababa anangoyang'ana kukhoma. Clara anawafunsa chimene chavuta.

"Pakhomo pathu pali masitepe awiri, mayi," anatero ababa kwa Clara. "Chikuku sichikwera masitepe. Polowa azindinyamula. Potuluka azindinyamula. Ine ndinazolowera kusenza. Kusenzedwa sindikufuna."

Clara anawasunga mawu amenewo.

Masana kunabwera amalume, a Henderson. Iwo anali mmisiri womanga nyumba. Anatulutsa tepi m'thumba. Anayeza masitepe aja. Anayezanso bwalo. Anati pafunika kanjira kotsetsereka ka simenti, kotalika mamita anayi. Njerwa zinalipo kuseri kwa nyumba. Simenti anali nayo kwawo.

Amayi anafunsa tsiku loyamba ntchito.

"Mawa kapena mkuja, achemwali. Masiku alipo ambiri," anatero amalume.

Clara ankalidziwa mawa la amalume. Chaka chatha anati akonza chitseko mawa. Mawa limenelo linafika patapita miyezi itatu.

Clara anatenga kope ndi pensulo. Anapempha amalume atchule ntchito zonse. Amalume anawerenga pa zala. Clara analemba.

Kututa mchenga kumtsinje wa Likangala. Tsiku limodzi.

Kumanga timakoma tiwiri ta m'mbali. Tsiku limodzi.

Kudzaza dothi pakati ndi kulitsendera. Tsiku limodzi.

Kuswa miyala. Tsiku limodzi.

Kuthira konkire, ndiye kuti simenti yosakaniza ndi mchenga ndi miyala. Tsiku limodzi.

"Basi?" anafunsa Clara.

Amalume anati yatsala imodzi. Konkire imafuna madzi kuti ilimbe. Kuithirira m'mawa, kuithirira madzulo, masiku asanu ndi awiri. Masiku amenewo palibe wopondapo.

Pakhoma panali kalendala ya kutchalitchi. Clara anakwera pampando. Anaika chala pa 21. Kenaka anawerenga chobwerera m'mbuyo. 20, 19, 18, 17, 16, 15, 14. Amenewo anali masiku a madzi. Chala chinaima pa 13.

"Konkire tithire Lachisanu pa 13 Juni. Tikachedwa, ababa apeza isanalimbe."

Clara anawerenganso. Ntchito zinali zisanu. Kuyambira pa 8 mpaka pa 13, masiku anali asanu ndi limodzi. Anati tsiku limodzi litsala lapadera.

Amayi anapukusa mutu. Pa 8 linali Lamulungu. Lamulungu sagwira fosholo. Clara anali ataiwala. Tsopano ntchito zinali zisanu, masiku analinso asanu. Lapadera panalibe.

"Nanga pa 15? Ndi Lamulungunso. Sitithirira?"

"Mbuzi imamwa madzi Lamulungu. Konkire nayonso imwa," anatero amayi.

Amalume anayang'ana kalendala. Anakanda m'mutu. Masiku ambiri aja sanaonekenso.

Amalume anafotokoza za kuntchito zazikulu. Kumeneko kapitawo, woyang'anira ntchito, amakhoma tchati pakhoma. Pamwamba amalemba masiku. M'mbali amalemba ntchito. Aliyense amaona chochita lero.

Clara anadula katoni ya sopo. Anatenga rula. Anajambula mizere yotsika. Anajambula mizere yopingasa. Panatuluka timabokosi. Pamwamba analemba masiku. M'mbali analemba ntchito.

Lolemba, mchenga. Anapaka kabokosi kamodzi.

Lachiwiri, makoma. Anapaka kabokosi kamodzi.

Lachitatu, dothi. Lachinayi, miyala. Lachisanu, konkire.

Pa madzi anapaka timabokosi tisanu ndi tiwiri. Mzere umenewo unali wautali kuposa yonse.

Clara anakoleka tchaticho pa msomali wa pakhonde.

"Zikomo a kapitawo," anatero amalume akuvula chipewa. Kuyambira tsiku limenelo ankamutchula choncho.

Lolemba pa 9, Clara ataweruka kusukulu, anathamangira ku Likangala. Amalume ankakankha wilibala. Amayi ankasenza ndowa yaikulu. Clara ankasenza ndowa yaing'ono. Anapita, anabwera. Anapita, anabwera. Dzuwa lisanalowe, mchenga unakwana. Clara anachonga pa tchati.

Lachiwiri pa 10, m'mamawa, kunamveka kulira. A Gilson, agogo osoka zovala, anali atamwalira. Nyumba yawo inali yachitatu kuchokera kwa a Mateyu. Anyamata anaika masamba pamsewu. Njinga zinayamba kuyenda pang'onopang'ono. Wailesi zonse zinazimitsidwa.

Amalume anabwera opanda zipangizo. Anapita kukathandiza kukumba manda. Amayi anamanga chitenje. Anapita kukaphika kumaliro.

Clara anayang'ana tchati. Kabokosi ka Lachiwiri kanali kosachonga. Masana anatenga hamala. Anapita nayo kuseri kwa nyumba. Ankafuna kuswa miyala mwakachetechete. Amayi anabwera kudzatenga mphika ndipo anamupeza.

"Ika pansi, mwanangu. Hamala ilibe kunong'ona. Anzathu akulira, ife tikugogoda? A Gilson ndiwo anakusokera yunifolomu yako yoyamba."

Clara anaika hamala pansi. Anatenga ndowa. Anakatunga madzi a kumaliro. Lachitatu pa 11 anatunganso. Tsiku limenelo a Gilson anaikidwa m'manda.

Madzulo a Lachitatu, onse atatu anakhala pakhonde. Masiku awiri anali atapita. Ntchito zinayi zinali zitatsala.

Amalume anati palibe vuto. Lachinayi amanga makoma. Lachisanu adzaza dothi. Loweruka aswa miyala. Lolemba pa 16 athira konkire.

Clara anawerenga pa kalendala. 17, 18, 19, 20, 21, 22, 23. Kanjira kadzalimba pa 24. Ababa adzanyamulidwa masiku atatu.

Clara anafunsa ngati masiku a madzi angachepe. Amalume anakana. Anati konkire yosakhwima imang'ambika. Mateyala a chikuku adzaikumba.

Clara anachotsa tchati pa msomali. Anachiika pamiyendo. Anayamba kufunsa ntchito iliyonse funso limodzi. Iwe ukudikira iti?

Dothi likudikira makoma.

Konkire ikudikira dothi. Ikudikiranso miyala.

Madzi akudikira konkire.

Nanga miyala? Clara anayang'ana kumanzere. Anayang'ana kumanja. Miyala sinkadikira chilichonse.

Pamenepo Clara anaona pamene analakwitsa. Ntchito anazindandalika ngati ndowa za pampope. Imodzi idzaze, ina ibwere. Anajambula ngati wogwira ntchito ndi munthu mmodzi.

Clara anatenga rula. Anawonjezera mzere wina m'mbali. Pamwamba pake analemba kuti: Ndani?

"Amalume, inu mukamamanga makoma, ena sangamaswe miyala?"

Amalume anati angathe.

"Dothi mwati tsiku limodzi. Mukutanthauza anthu angati?"

Amalume anati munthu mmodzi. Clara anafunsa za anthu khumi. Amalume anawerenga mumtima. Anati anthu khumi angamalize pofika masana.

Clara anafufuta. Anapakanso. Lachinayi, makoma ndi miyala. Lachisanu m'mawa, dothi. Lachisanu masana, konkire. Mzere wautali wa madzi sanaukhudze.

"Tchati chakwana, a kapitawo. Koma anthu khumiwo mukawatenga kuti?" anafunsa amalume.

Amayi anaimirira. Anauza Clara anyamule katoni yake. Anapita kwa a Maliya, mtsogoleri wa amayi a Mvano kutchalitchi kwawo. Clara anagwada. Anafotokoza kabokosi kalikonse. Anaonetsa 13. Anaonetsa 21. Anaonetsa mzere wa Ndani, umene unali wopanda maina.

A Maliya anaseka mpaka kugwira m'chiuno.

"Ife amatiitana ndi belu. Lero atiitana ndi katoni ya sopo. Lemba, mwanawe. Uyambe ndi dzina langa."

Lachinayi pa 12, amalume anafika dzuwa lisanatuluke bwino. Aka kanali koyamba. Anamanga chingwe choongolera njerwa. Anayala njerwa. Pansi pa mtengo wa mapeyala panakhala amayi asanu ndi mmodzi. Aliyense anali ndi hamala. Go, go, go. Go, go, go. Ankaswa miyala akuimba nyimbo za kwaya. Clara ataweruka anapeza mulu wa miyala wofika m'mawondo. Anapeza timakoma tiwiri titaima. Anachonga kawiri.

Lachisanu pa 13, Clara anali m'kalasi, koma mtima unali pakhomo. Amayi a Mvano ankatuta dothi. Belu litalira, Clara anathamanga. Anabwera ndi anzake awiri, Chiso ndi Ella. Ntchito yawo inali yotsendera dothi.

Amalume anati apondeponde pakati, asagunde makoma. Atsikanawo anavula nsapato. Anapondaponda. Anadumphadumpha. Amayi anawaombera m'manja. Ntchito inasanduka gule. Amalume anamalizira ndi chipika cholemera. Dothi linalimba gwa.

Nthawi ya 2 koloko anayamba kukanya konkire. Clara ndi anzake ankabweretsa madzi. Amayi a Mvano ankapatsirana ndowa. Amalume ankasalaza ndi thabwa. Nthawi ya 5 koloko anaongoka msana. Kanjira kanatha.

Clara anachonga dothi. Anachonga konkire. 

Tsopano kunatsala madzi. Imeneyi inali ntchito ya Clara yekha. Pa mzere wa Ndani panali dzina lake. Anaphimba kanjira ndi masaka onyowa. Anatchinga ndi minga kuti nkhuku zisapondepo. Onse ankalowera kukhomo lakuseri.

M'mawa, madzi. Madzulo, madzi. Kenaka kuchonga.

Lamulungu pa 15 anathirira asanapite kutchalitchi. Lachitatu pa 18 kunachita chiperoni. Nkhungu inaphimba phiri lonse. Kunkawaza kamvula kozizira. Amayi anati lero mvula yamuthandiza. Clara anakweza saka n'kugwira konkire. Mbali ya pansi pa denga inali youma. Anathirira ndithu.

Lachisanu pa 20, madzulo, anachonga kabokosi komaliza.

Loweruka pa 21 Juni linafika. Clara anachotsa minga. Anachotsa masaka. Anasesa kanjira kawiri. Amalume anagogoda ndi hamala. Konkire inalira ngati mwala.

Nthawi ya 11 koloko galimoto inaima pamsewu. Ababa anatsetserekera pachikuku. Miyendo yawo inali mu pulasitala yoyera. A Maliya ndi amayi a Mvano anali pabwalo. Ana a m'mudzimo anadzaza kumpanda.

Ababa anafika patsogolo pa nyumba. Anayang'ana pamene panali masitepe. Anayang'ana nthawi yaitali. Amalume anagwira chikuku kumbuyo kuti akankhe.

"Chotsani manja, alamu," anatero ababa.

Ababa anagwira mateyala. Anakankha kamodzi. Chikuku chinakwera. Anakankhanso. Chinakweranso. Pakati pa kanjira anaima kuti apume. Chikuku chinabwerera pang'ono. Clara anafuna kuthamanga. Koma anaika manja kumbuyo, n'kuima pomwepo.

Ababa anakoka mpweya. Mikono yosenza matabwa ija inatupa. Anakankha. Anakankhanso. Mateyala anafika pakhonde. Ababa analowa m'nyumba mwawo okha.

A Maliya analuluta. Amayi anapukuta maso ndi chitenje.

Posakhalitsa chikuku chinatulukanso. Ababa anayamika amalume chifukwa cha ntchito yabwino. Amalume anati manja anali awo, koma masiku anali a wina. Analoza katoni ya pa msomali.

Ababa anaitenga. Anawerenga ntchito zonse. Anawerenga maina onse. Anaona pofufutidwa, anafunsa, ndipo Clara anafotokoza. Ababa anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

Amayi anabweretsa tiyi ndi mbatata pakhonde. Onse anadya pamodzi. Kenaka ababa anapisa m'thumba la malaya. Anatulutsa kapepala ka kuchipatala. Pa kapepalapo panali tsiku lina. Lolemba pa 4 Ogasiti akachotsa pulasitala. Panalinso zochita za tsiku ndi tsiku zolimbitsa thupi.

"Mayi, ntchito iyi ndi yaikulu kuposa kanjira. Ndikufuna kudzayendanso. Kodi a kapitawo angandilembe?"

Clara anameza mbatata yake. Anapukuta manja. Anatenga kapepalako n'kukawerenga konse.

"Ndikulembani, ababa. Koma kwa ine kulibe mawa. Tiyamba lero."