Msewu wa Kafula Uli Kuti?

Towela Zimba anachedwa kunyamuka chifukwa cha mvula. Inamupeza kumapeto kwa Chawama, kumene nyumba zimayamba kutalikirana, ndipo anausa pakhonde la kagolosale mpaka mwini wake anatseka chitseko. Pamene mvula inkakata kunja kunali kutada, magetsi atazima komboni yonse, maminibasi nawo atasiya kuyenda.

Towela ankagwira ntchito pa kampani ina yaing'ono yoperekera katundu pa njinga zamoto. Ntchito yake inali kukonza mapu a m'foni: kuyenda m'misewu yopanda zikwangwani, kufunsa anthu dzina la msewu, ndi kulemba mzinda umene msewuwo uli. Misewu yambiri sinkavuta. Koma tsiku limeneli anamutuma ku msewu wa Kafula, umene umatsata ngalande yaikulu, ndipo pa mapu malire a Lusaka ndi Chilanga ankadutsa momwemo, mokhotakhota. Amene anayamba kuujambula anaulemba kuti uli ku Chilanga. Anthu okhala kumeneko anamuseka Towela atawafunsa. Anati iwo amapikula katundu ku Kamwala, akadwala amathamangira ku Chawama, za Chilanga amangozimva. Koma abwana ake, a Mukupa, anamuuza pa foni kuti asatengeke ndi zokamba za anthu, aone kumene kwagwera mbali yaitali ya msewu. Inagwera ku Chilanga. Towela anausiya momwemo, ngakhale mtima sunamukhale.

Anayamba ulendo wapansi, nsapato zikumira m'matope, foni ikumuunikira njira. Madzi m'ngalande ankalindima. Atayandikira kamlatho ka simenti, achule amene ankasokosa njira yonse anangoti zii.

Pa mlathopo panakhala munthu.

Anali mayi wachitsikana, wapakati potopa, chikwama cha zovala chili pambali pake. Dzanja limodzi anagwira msana, lina anafumbata foni. Towela anamupatsa moni, koma mayiyo sanayankhe moniwo.

"Ba sisi, motoka yanga simunaione? Ninaitana kudala."

Towela anati sanakumane ndi galimoto iliyonse. Anamufunsa ngati nthawi yake yakwana, mayiyo anagwedeza mutu. Anati amuna ake athamangira ku msewu waukulu kukaichingamira, ndipo adalaivala akungonena kuti afika, afika, koma iye sakuwaona. Ankalankhula motsitsa, mawu akutuluka pang'onopang'ono pakati pa mano.

Towela sanaganize kawiri. Anamuuza kuti amuitanira ina. Koma netiweki inali yofooka, ndipo kadontho kosonyeza pamene waima kankangoyendayenda pa mapu. Choncho analemba dzina la msewu ndi chala: Kafula. Foni inamalizitsa yokha: Kafula, Chilanga. Galimoto inapezeka, kagalimoto koyera kanayamba kukwawa pa galasi la foni, kutsika ndi msewu wa Kafue. Towela anamulimbitsa mtima mayiyo kuti ikubwera.

"Mu foni yanu, msewu uno uli kuti?"

Funsolo linamudabwitsa Towela. Sanamuuze za ntchito yake. Anayankha kuti pa mapu palembedwa Chilanga.

"Kuno ni Lusaka," anatero mayiyo. "Mukalemba kwina, sibazabwela."

Kagalimoto kaja kanafika pokhotera ku Chawama. Towela anayandikiza foni kumaso. Sikanakhote. Kanapitirira, kulunjika kumwera, kukucheperachepera...

"Bapitilila futi," anatero mayiyo.

Koma foniyo sanaione. Towela anali ataitembenuzira kwa iye mwini.

Mvula inayambanso kuwaza. Towela anakweza kuwala kuti amuone bwino mnzakeyo. Madontho ankagwa pa simenti, pa chikwama, pa dzanja la Towela. Chitenje cha mayiyo chinali chouma. Gwaa! Foni imene anafumbata inali yosweka, yodzaza dothi louma, ngati yokumbidwa pansi. Ndipo pamene anakhala, madzi ankangodutsa, osapatuka.

Foni ya Towela inalira. Anadzidzimuka, pang'ono aigwetse m'ngalande. Anali dalaivala, akunena kuti wafika pa Kafula, kufupi ndi mapulazi, minda ikuluikulu ya ku Chilanga, koma palibe mlatho, palibe munthu. Anafunsa kuti kodi ali kuti kwenikweni. Towela anatsegula pakamwa kuti afotokoze. Anatembenuka.

Pa mlatho panalibe munthu.

Panalibe chikwama. Panalibe mapazi m'matope, kupatula ake.

Kenako anamva kubuula. Osati kutsogolo. Kumbuyo kwake, pafupi ndi khutu... kubuula kwa mayi amene mwana wamutsekera mpweya.

Towela anathamanga. Nsapato imodzi inatsala m'matope. Anagwa, anadzuka. Kubuula kuja sikunkamuthamangitsa, komanso sikunkatsalira. Patsogolo anaona kuwala kwa kandulo pa windo la nyumba yosapaka pulasitala. Anamenya chitseko ndi manja onse awiri.

Anatsegula bambo wowonda, ndipo Towela, akupuma movutika, anawauza zonse mosakaniza: mayi wapakati, mlatho, galimoto yosochera. Anawapempha kuti atenge tochi apite, mwina mayiyo wagwera m'madzi. Bamboyo sanatenge tochi. Anamulowetsa m'nyumba, anatseka chitseko, anamupatsa mpando. Anati dzina lawo ndi a Benard Mpundu. Kenako anafunsa, mwaulemu ndithu, ngati mayiyo anatchula za amuna ake.

Towela anati inde, akuti anapita ku msewu waukulu kukachingamira galimoto.

"Ndine," anatero a Benard.

Anayang'ana kandulo. Kenako anafotokoza. Mkazi wawo, Mainess, matenda anamuyamba usiku wa mvula ngati umenewu. Anamuyendetsa mpaka pa mlatho, chifukwa kupitirira apo galimoto sizilowa. Anaitana takisi pa foni. Ku Chilanga kulinso kamsewu kotchedwa Kafula, ndipo dalaivala anapita kumeneko, akuimba foni kuti wafika. Wachiwiri naye chimodzimodzi. Atataya mtima, a Benard anamusiya Mainess pa mlatho n'kuthamangira ku msewu waukulu. Anabwerako ndi lole ya mchenga, koma anapeza amayi a m'nyumba zoyandikana atamuzungulira, atamufunditsa kale chitenje kumaso. Mwana naye sanalire.

"Tinabaika pamodzi ku manda ku Chingwere. Papita zaka. Mwana sembe ali pa sukulu manje."

Anati nyengo ya mvula ikafika anthu amamuona pa mlathopo, ndipo onse amathawa asanamalize kufunsa. Towela ndiye woyamba kumuitanira galimoto.

Towela anatulutsa foni. Anatsegula mapu, anapeza msewu wa Kafula, anafufuta Chilanga, analemba Lusaka. Za a Mukupa anati aziona mawa. A Benard anasendera pafupi, kuyang'ana kamzere kopyapyala kaja kamene kankadutsa pakhomo pawo.

"Manje motoka izafika?" anafunsa.

Onse awiri anatchera makutu ku mlatho.