Phazi la Elliot Silinagunde Pansi

Ku Chiweta anthu ankasirira banja la Greyson Chavula ndi mkazi wake Twambilile. Greyson anali makaniko, ndipo garaja yake ya malata inali m'mbali mwa msewu wa M1. Twambilile ankaphunzitsa masamu kusekondale. Loweruka masana unkawapeza awiriwo m'garajamo, mkazi akumupatsira mwamuna wake masipanala, onse akuseka ngati angokwatirana dzulo.

Chimene ankachikonda pamodzi chinali njinga zamoto zakale, zija zinasiyidwa ndi amishoni ndi alangizi a zaulimi zaka makumi anayi zapitazo. Greyson ankazitola zitachita dzimbiri n'kuziukitsa. Ndi anzake angapo anayambitsa kalabu. Mpikisano wawo sunali wa liwiro ayi. Munthu ankayendetsa njinga pang'onopang'ono m'miyala ya m'phiri, kukwera ndi kutsika, osaponda pansi. Phazi likagunda pansi, mlembi ankalemba chilango pakhadi, ndipo wa zilango zochepa ndiye anali katswiri. Zaka zinayi zotsatizana katswiri anali Greyson. Khadi ankagwira ndi Twambilile, chifukwa aliyense ankadziwa kuti mayiyu sakondera, ngakhale mwamuna wake yemwe.

Kenako kunabwera Elliot Msowoya, wazachipatala amene anasamutsidwira ku Rumphi Boma. Anabwera ndi njinga ya malemu bambo ake, yakufa injini. Greyson mwiniyo anaikonza miyezi itatu mpaka inalira. Sanadziwe kuti mnyamata waulemuyo anali ndi luso loposa lake.

Pa mpikisano wa mwezi wa Julaye, Elliot akudutsa pamwala woterera, njinga inapendama ndipo nsapato yake inatsika pafupi ndi nthaka. Ena anakuwa kuti waponda. Twambilile anali pafupi kuposa wina aliyense, ndipo sanalembe kanthu. Elliot anapambana ndi chilango chimodzi chokha.

Greyson anamugwira Elliot chanza pagulu, koma kunyumba nkhope inasintha.

“Aliyense waona kuti waponda. Iwe wekha ndiye sunaone?”

“Phazi silinagunde, a Chavula. Ndinali pomwepo.”

“Eya, unali pomwepo. Pafupi chomene. Maso ako anali paphazi kapena pankhope?”

Twambilile anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala. Mwamuna wake sanaseke.

Nsanje ndi yoipa chifukwa sifuna umboni, imadzipangira yokha. Kuyambira tsiku limenelo chilichonse chimene Twambilile ankachita chinasanduka mlandu. Akapereka moni kwa Elliot, ndiye kuti akumufuna. Akamulambalala, ndiye kuti akubisa kanthu. Atanena kuti akufuna kusiya ulembi, Greyson anamufunsa kuti, “Ukuthawa chiyani ngati ulibe mlandu?” Atapitiriza ulembiwo, Greyson anati, “Sungasiye, uzimuona kuti?” Mayi wa anthu anasowa kolowera m'nyumba yake yomwe.

Mwezi wotsatira kalabu inakumana pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa garaja kuti ikonze malamulo. Elliot anaimirira.

“A wapampando, njira yotsika ija yakumathithi ndi yoopsa. Mabuleki akalewa sagwira bwino. Tiloleni tiike amakono.”

“Njinga yakale ikhale yakale!” anatero Greyson, akumenya tebulo. “Ukaika mabuleki atsopano, mawa uika injini yatsopano. Ofuna zimenezo akayambe kabaza.”

Anakangana mpaka mawu kusasa. Wapampando, bambo Peter Mkandawire, anati avote. Twambilile anakweza dzanja mbali ya Elliot. Ankaganizira mwamuna wake yemweyo, amene chaka chatha anatsala pang'ono kugwera kuphompho pamalo omwewo. Koma Greyson anangoona dzanja la mkazi wake litakwera limodzi ndi la Elliot. Mbali ya Greyson inapambana, ndipo iye anawonjezera lamulo lina. M'mawa wa mpikisano iye yekha ndiye aziyendera njinga iliyonse, n'kuipaka kadontho ka penti yofiira, ndipo ikapakidwa palibe wina woigwiranso ndi sipanala. Twambilile analemba lamulolo m'buku la kalabu ndi dzanja lake.

Masiku amenewo m'nyumba munalibenso kuseka. Greyson ankafufuza foni ya mkazi wake, ankamuwerengera nthawi yochokera kusukulu. Twambilile atatopa, anachita chinthu chimene ankaganiza kuti chipulumutsa banja lake. Lachitatu lina anakwera minibasi kupita ku Boma, nakamupeza Elliot pafupi ndi msika.

“Achimwene, ndikupempheni chinthu chimodzi. Musabwerenso kumpikisano.”

“Ndalakwa chiyani, alamu?”

“Simunalakwe. Koma kwathu kulibe mtendere chifukwa cha inu.”

Elliot anayankha kuti, “Yewo, ndamva. Koma ndikasowa mwadzidzidzi anthu anena kuti zinali zoona. Ndibwera komaliza mwezi uno, nditsanzike bwinobwino, basi.”

Anacheza mphindi zosakwana khumi, ataimirira, masana dzuwa likuswa mtengo. Koma Lois, mayi wogulitsa usipa wouma wa ku Chiweta komweko, anawaona. Pofika madzulo mphindi khumizo zinali zitakula. Ena ankati anawaona akudya limodzi, ena ankati akutuluka m'nyumba yogona alendo. Pakamwa pa anthu sipatopa, ndipo amene amafalitsa nkhani zotere sapezeka tsiku la maliro kuti anyamule bokosi.

“Unali kuti Lachitatu?” Greyson anafunsa atatseka chitseko.

“Ku Boma. Ndinakamuuza Elliot kuti asiye kalabu.”

“Ndiye ukuvomera kuti munakumana!”

“Ndinachitira inu, a Chavula! Ndatopa ine. Ndikanena zoona mukuti bodza, ndikakhala chete mukuti ndavomera. Mukufuna ndichite chiyani?”

“Unkamukonda kuyambira liti?”

“Sindimukonda. Ndinene kangati?”

Greyson sanamumenye. Anangotuluka n'kukakhala m'garaja, akupukuta sipanala imodzimodziyo imene inali yoyera kale.

Tsiku la mpikisano linafika. M'mawa njinga zisanu ndi zitatu zinaikidwa pamzere, eni ake ataima patali monga mwa lamulo. Greyson anagwada pa iliyonse. Atafika pa ya Elliot anachedwapo pang'ono. Anasolola kaphini kamene kamagwira ndodo ya buleki yakumbuyo, anamasula nati ya waya wa buleki yakutsogolo mpaka kutsala pang'ono kuchoka, kenako anapaka penti yofiira. Anadzuka n'kumumwetulira Elliot.

“Ili bwino, mnyamata. Kwera.”

Elliot anadutsa magawo atatu osaponda pansi. Gawo lachinayi linali lotsika lija lakumathithi. Twambilile anali mmunsi, khadi lili m'manja. Anaona Elliot akuponda buleki, phazi likungopita pansi popanda chogwira. Anamuona akufinya ya m'manja, waya n'kusololoka. Njinga inathamanga yokha, inadumpha mwala womaliza, ndipo munthu ndi njinga anagwera kuphompho. Pamene anthu ankafika pansi, Elliot anali atatsirizika.

Apolisi sanavutike. Kaphini kanalibe pamalo pake, ndipo kanapezeka m'thumba la ovolosi ya Greyson. Ku Khothi Lalikulu ku Mzuzu, Twambilile anaitanidwa ngati mboni. Anamupatsa buku la kalabu kuti awerenge mokweza, ndipo anawerenga lamulo lija lakuti njinga ikapakidwa penti palibe wina woigwira. Woweruza anati Greyson anapha mwadala munthu amene anamukhulupirira ndi moyo wake, ndipo anamulamula kukakhala kundende zaka makumi awiri ndi zisanu.

Twambilile sanamasuke ndi chigamulocho. Abale a Elliot ankamuloza chala kuti ndiye anaphetsa mwana wawo. Abale a Greyson ankati ndiye anamangitsa wawo. Anapempha kuti amusamutsire kusukulu ina ku Mwazisi, koma nkhani inafika kumeneko iye asanafike.

Patatha chaka anapita kundende kukamuona. Greyson anabwera atavala zoyera za akaidi, ataonda. Twambilile ankayembekeza kuti mwamunayo apepesa, kapena akhetsa misozi yolirira Elliot. Greyson anayandikira waya wowalekanitsa n'kunong'ona.

“Pano palibenso chobisa, Twambi. Ndiuze zoona, mtima wanga ukhale pansi. Unkamukonda?”

Twambilile anamuyang'ana, misozi ikutsika.

“Ndinakuyankhani m'nyumba, ndinakuyankhani kupolisi, ndinakuyankhani kukhothi nditagwira Baibulo. Munthu anafa, a Chavula, ndipo mukufunsabe. Lero sindikuyankhani.”

Anasiya kathumba ka sopo ndi shuga kwa msilikali wa ndende, natuluka. Sanabwerenso.

Anthu amati nsanje ndi chikondi chochuluka. Limenelo ndi bodza, ndipo lapha ambiri. Greyson anali ndi mkazi wokhulupirika amene anamuuza zoona tsiku lililonse, koma anasankha kukhulupirira mantha ake. Zaka makumi awiri ndi zisanu zidzatha, chitseko cha ndende chidzatseguka. Koma funso lake lija palibenso amene adzamuyankhe.