Mtembo wa pa Kapeti ya Hester

Ku Hollinbeck panalibe amene sankadziwa kuti Alban Garside amafa Lamlungu lililonse. Akangotha kudya nyama yootcha ndi mbatatesi, ankavula jekete n'kugona pa kapeti ya pabalaza, mkazi wake Hester n'kumamuzungulira, pensulo ili kukhutu. Hester ankalemba mabuku a nkhani za kuphana kwa makedzana, nthawi ya ngolo za akavalo ndi nyale za mafuta, ndipo anali ndi lamulo lake: sankalemba chinthu chimene sanachiyese ndi munthu weniweni. Ngati m'nkhanimo mayi akukokera mtembo kuseri kwa chitseko, Hester ankagwira miyendo ya mwamuna wake n'kukoka kuti aone ngati n'zotheka. Alban, chimunthu chadzitho cha ku fakitale ya ubweya, ankaseka mpaka misozi. Poti imfa zake zinkatenga nthawi, anazolowera kupinda mkono wamanzere n'kutsamirapo mutu, miyendo ataiphatikiza bwinobwino, kuopa dzanzi.

Wofufuza milandu m'mabukuwo sanali wapolisi ayi, koma mayi wina wamasiye wosamva zomuletsa, amene ankathandizana ndi dokotala wa m'mudzi mwawo. Awiriwo ankakondana koma palibe ankayerekeza kutchula, buku n'kutha, lina n'kuyamba, owerenga akungomeza malovu. Dokotalayo anali wa mapewa otambalala, wosakonda zolankhulalankhula, choncho kumowa anzake a Alban ankamutcha adokotala. Iye ankanamizira kukwiya, koma pobwerera kunyumba ankayenda moimba mluzu.

Chaka china m'nyengo yozizira Alban anagwa kuntchito, mtima utamutembenukira. Hester atathamangira kufakitale anamupeza ali kwala pa simenti, milomo itada. Mwamwayi anachira. Koma atabwerera kunyumba, Lamlungu loyamba anavula jekete monga mwa masiku onse, ndipo Hester anamuuza kuti avale, apumule. Lamlungu lotsatira zinali chimodzimodzi. Posakhalitsa Alban anamva kuti mtembo watsopano wapezeka: Lionel Pickersgill, bambo wosakwatira amene ankasunga zovala za gulu la zisudzo la m'tawunimo, wowonda ngati ndodo, wonunkhira mafuta, wa pakamwa pothyakuka.

Anthu amati nsanje imayamba ndi zimene maso aona. Ine ndikuti ayi, imayamba ndi funso limene munthu wachita nalo manyazi. Alban akanangofunsa kuti bwanji wandichotsa, nkhaniyi ikanathera pa kapu ya tiyi. Koma mwamuna wamkulu ndevu pepeya angadandaule bwanji kuti amulanda udindo wokhala mtembo? Analimeza funsolo, ndipo linakamuwolera m'mimba.

Amene anakolezera moto anali mlongo wake, Enid, wogulitsa buledi pafupi ndi tchalitchi. Anamutsina khutu kuti anawaona awiriwo kumanda, Lionel ali chagada pa udzu, Hester atagwada akumumasula kolala. Anatinso masiku ano amakonda ku chigayo chakale cha kumtsinje, kumene kulibe munthu. Zoona zake, Hester anasamutsira ntchitoyo kutali ataona kuti nkhope ya mwamuna wake imagwa Lionel akalowa m'nyumba. Ankati akumuteteza, osadziwa kuti chobisa chilichonse chimaoneka ngati chibwenzi.

Tsiku lina akumwa tiyi, Hester ananena mosangalala kuti wagamula: m'buku latsopanoli mayi wamasiye uja amupsompsona dokotala. Alban anaika kapu pansi pang'onopang'ono.

“Ndiye wayesa ndi ndani?”

Hester anaseka, ndipo kusekako kunali kulakwitsa kwakukulu.

“Usandiseke, Hester. Si iwe umati sulemba chimene sunayese? Pokoka mtembo umayesa. Pothira poizoni mu supu umayesa. Lero pakamwa pokha ndiye pakhale posayesa?”

“Inu Alban, mwapenga kodi? Zaka zonsezi ndili nanu, kupsompsona ndikakuphunzire kwa Lionel?”

“Tawuni yonse ikundiseka. Iwe ndi kachidole kako konunkhira mwandisandutsa chitsiru.”

“Amene akukusandutsani chitsiru ndi mlongo wanu. Muuzeni aziyang'ana buledi wake asapserere.”

Hester anatuluka akulira. Yankho lake linali lomveka kwa munthu aliyense wa makutu, koma Alban anali atamva kale zimene ankafuna kumva. Kuyambira tsikulo ankayang'ana milomo ya mkazi wake ngati pali chidindo cha munthu wina. Ankamukonda, ndipo ndinene mosabisa, ankamukonda mpaka kudwala nazo.

Loweruka lina Hester anakwera sitima kupita ku Leeds kukaonana ndi osindikiza mabuku. Alban anakumana ndi Lionel pamsika n'kumunamiza kuti Hester akumudikira kuchigayo. Anapitira limodzi, Lionel akungobwebweta za zipewa za makedzana. Atakwera masitepe a miyala mpaka pamwamba, Alban anamufunsa maso ali psu ngati wagonapo ndi mkazi wake. Lionel ankayesa ndi nthabwala.

“Bambo Garside, ine ntchito yanga n'kufa basi. Ndipo akazi anu amati ndimafa bwino kuposa inu.”

Anali mawu ake omaliza. Alban anamukankha ndi manja onse awiri, ndipo Lionel anagubuduka mpaka pansi.

Alban anatsika masitepewo. Zaka zonse zomvera nkhani za mkazi wake zinamuphunzitsa kanthu, moti anamasula chingwe cha nsapato ya Lionel kuti zioneke ngati anadziponda yekha. Koma mtembowo unali utapindika moipa, ndipo sanapirire kuuyang'ana. Manja ake anachita zimene anazolowera, mwini wake osaganiza n'komwe. Anauwongola miyendo n'kuiphatikiza, n'kupinda mkono wamanzere pansi pa mutu.

M'mawa mwake Lionel sanaoneke kutchalitchi, ndipo Hester, atabwerako ku Leeds, ndi amene anakamupeza kuchigayo kuja. Wapolisi anaona chingwe cha nsapato n'kunena kuti ndi ngozi. Hester sanatsutse. Anabwerera kunyumba, nateleka ketulo, nathira tiyi makapu awiri, kenako n'kukhala moyang'anizana ndi mwamuna wake.

“Munthu wogwa pamasitepe sagona ngati akuopa dzanzi,” anatero motsitsa mawu. “Padziko lonse ndikudziwa munthu mmodzi yekha amene amagona choncho. Imwani tiyi wanu, Alban, muvale jekete. Ndikuperekezani kupolisi.”

Alban sanakane. Anayenda limodzi kudutsa pamsika mvula ikuwaza, ndipo Enid atawaona pawindo anawabayibitsa, kuganiza kuti agwirizananso.

Mlandu unazengedwa ku Leeds, bwalo litadzaza ndi owerenga mabuku a Hester amene anabwera ngati akudzaonera zisudzo. Panalibe umboni ngakhale umodzi wa chibwenzi. Enid anavomera akulira kuti kumanda kuja sanaone china koma kolala. Woweruza anati Alban anachita kumukokera mnzakeyo kumalo obisika mwadala, ndipo anamulamula kukhala m'ndende moyo wake wonse.

Hester anapita kukamuona kamodzi. Alban anali atawonda, yunifomu ikumukhuthukira. Pamapeto pake funso lija linatuluka, litachedwa ndi moyo wa munthu.

“Hester, unandichotseranji? Ndinalakwa chiyani kuti utenge iye uja?”

Hester anamuyang'ana modabwa, ngati sankakhulupirira kuti zonsezi zinachokera pamenepo.

“Ndinakuonani pa simenti ya kufakitale, milomo itada. Ndinkayesa mwapita. Kuchokera tsikulo sindikanathanso kukuonani mutagona pansi, ngakhale mwamasewera. Lionel akafa ndinkatha kulemba. Mukanakhala inu, sindikanalemba ngakhale liwu limodzi.”

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Alban anaphera munthu wosalakwa chinthu chimene chinali umboni wa chikondi cha mkazi wake, ndipo mtengo wake wa kuchidziwa unali funso limodzi lofunsidwa pa nthawi yake. Nsanje ndi yotero, imatenga chikondi chenichenicho n'kuchiveka zovala za mdani.

Woyang'anira ndende atagogoda kuti nthawi yatha, Hester anaimirira n'kumanga mpango wake. Alban anamufunsa ngati adzabwerenso. Iye anati akupita kumanda kukaika maluwa, chifukwa Lionel analibe mkazi kapena mwana womulira, ndipo ntchito imeneyo tsopano ndi yake.