Wogwada mu Lifiti ya ku Berea

Ine ndine Ethel. Ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Sandton, koma ndimagona ku Berea pamodzi ndi Abednego, mwana wa mchimwene wanga. Chaka chatha mnyamatayu analowa koleji ina muno mu Joni, n'kulembetsa m'gulu la ophunzira logawa supu ndi buledi kwa anthu ogona m'misewu. Nditamva ndinayamika Mulungu.

Koma zimene ankawachita atsopano, abale! Mtsogoleri wawo, Lungelo, ankati munthu sangatumikire osauka asanachotsedwe matama. Ankawagwaditsa pamiyala. Ankawadyetsa zotsala mumpoto manja ali kumbuyo, ngati agalu. Abednego uja Lungelo ankamuitana kuti "kwerekwere", dzina lonyozera obwera, ndipo mapoto onse ankamutsukitsa yekha. Mwana wa eni ake, wobwerera sukulu, azifika panyumba akutsimphina?

"Usiye zimenezi," ndinamuuza.

"Zatsala pang'ono, anti. Loweruka ndi mayeso omaliza."

Loweruka madzulo anadya, kuvala juzi, n'kutuluka. Zotsatirazi anachita kundiuza yekha.

Kuseri kwa msewu wathu kuli fulati ina imene inapsa kalekale, yopanda magetsi, mawindo onse ali pululu. Lungelo ndi anzake anatengera atsopano onse kumeneko. Anawalanda mafoni, kuwamanga nsalu kumaso, aliyense m'chipinda chake. Abednego anamukweza pamwamba penipeni, kumugwaditsa pamagalasi osweka, n'kumugwiritsa mbale ya supu.

"Ugwire mpaka kuche. Wina akabwera umutumikire. Ukangotayako, watuluka m'gulu."

Anatsika akuseka.

Munali mu Juni. Supu inazizira. Mikono inachita dzanzi. Kenaka anamva mapazi pamasitepe. Olemera, ngati munthu wovala magambutsi. Akakwera pang'ono, ankaima n'kutsokomola. Chifuwa chouma, chochokera m'kati mwenimweni.

Ankaganiza kuti ndi Lungelo akumuopseza. Koma m'chipindamo munalowa fungo la dothi lonyowa. Munthuyo anakhala pansi, pambali pake penipeni.

"Wakumanga ndani, mwanawe?"

Chichewa. Chakale, cha kumudzi. 

"Bweretsa kuno."

Mbale inachoka m'manja mwake. Zala zimene zinamukhudza zinali zozizira, zokhakhala ngati mwala. Anamumva akumwa pang'onopang'ono mpaka kutha.

"Ifenso anatitero titangofika kukomponi ya mgodi. Khala pansi, mawondo si mapazi. Tsopano ndiuze amene akuchita izi."

Abednego ananong'ona. Mapazi aja anatuluka, n'kumatsika, n'kumatsika. Iye sanayerekeze kumasula nsalu mpaka atamva mataxi akuliza mahutala. Mbale inali pansi, yodzaza fumbi lachikasu, ngati la kumigodi.

Mbandakucha a Binali, mlonda wa fulati yathu, anagogoda pachitseko changa.

"Mayi, tiyeni. Ku fulati yopsa ija, kwa ana aja, kwavuta."

Tinapeza anthu atadzaza. Lifiti ya fulati imeneyo inaima tsiku la moto, zitseko zake zinachita dzimbiri n'kugwirana. Koma m'kati mwake wina ankabuula. Ozimitsa moto anachita kudula ndi makina.

Anali Lungelo. Atagwada, nsalu kumaso, manja atatambasula ngati wagwira mbale. M'kamwa ndi m'mphuno muli fumbi lachikasu lokhalokha. Anali moyo. Amuna awiri anayesa kutsitsa manja akewo, anakanika. Anamunyamula choncho mpaka mu ambulansi. Anzake analumbira kuti anagona naye m'galimoto, zitseko atakhoma.

Akoleji anangoti ndi nkhani ya mowa. Palibe amene anafunsa za ana amene anatuluka m'nyumbamo magazi akuyenderera m'miyendo. Palibe amene anapepesa. Mpaka lero ndikakumbukira, mtima umandiwira.

A Binali anandikokera pambali.

"Pamwamba paja pankagona mkulu wina wa ku Ntcheu. Anadwala chifuwa cha kumgodi. Moto utabuka, palibe anakwera kukamutenga."

Kunyumba ndinamukhazika Abednego pampando, n'kuyamba kumuzula magalasi m'bondo. Sanalire. Kenaka anayankhula chapansipansi.

"Anti, sindinatchule Lungelo yekha. Ndinatchula atatu."

Ndinazula kachidutswa kena.

"Enawo sakudziwa. Kodi ndiwachenjeze?"

Ndinayang'ana tizidutswa tofiira timene ndinali nditaunjika m'mbale.

"Tambasula mwendo winawo," ndinatero.