Masekondi Makumi Asanu a Mayi Hildegard

Mtembo wa Laurenti, dalaivala wa bungwe lina losamalira ana amasiye ku Bangwe, unapezeka kuseri kwa galaja Lachiwiri nthawi ya 6:40 m'mawa, mutu utaphwanyidwa ndi sipanala. Mboni inali imodzi: Mayi Hildegard, gogo wa ku Germany wothandiza bungwelo, amene Chingerezi chawo chinkathera pa moni.

Inspekita Olive Namaona anawafunsa 9 koloko, foni ikujambula mawu. Wotanthauzira anali Stewart, wa pabungwe pomwepo. Gogoyo analankhula masekondi makumi asanu, manja ali m'malere. Stewart anati, “Akuti anaona mlonda, Ishaq.”

Ishaq anatsekeredwa. Zoti sabata yathayo anakangana ndi Laurenti pa nkhani ya makiyi a geti, aliyense ankazidziwa, ndipo akuluakulu ankafuna fayilo ipite kukhoti Lachisanu.

Koma Namaona atamvetseranso kanayi mawu ojambulidwa aja, mutu unakana. Chijeremani sankachidziwa, koma dzina la munthu silisintha ndi chilankhulo, ndipo la Ishaq silinatuluke m'kamwa mwa gogoyo.

Wotanthauzira wina anavuta kupeza. Kampani ina ya alendo inatumiza wa Chidatchi, ati n'zofanana. Munthuyo anamva theka n'kupepesa. Lachinayi ndi pamene Namaona anapeza Margret wa ku Chinyonga, amene anatanthauzirapo milandu. Anamvetsera akulemba, n'kudabwa kuti apolisi analola munthu wa pamalo pomwepo kutanthauzira.

2 koloko Namaona anawakhazika onse pamodzi. Margret anawerenga mawu a gogoyo, osasiya ndi limodzi lomwe: “Funsani mnyamata ali pambali pangayu. Analowa limodzi ndi dalaivala kuseriko 6 koloko, iye n'kutuluka yekha, akutsuka m'manja pampopi.”

“Achimwene,” anatero Namaona, “chiganizo chonsechi munachisiya kuti?”

Stewart anaulula. Kwa zaka ziwiri amayi a m'deralo ankadandaula pamisonkhano kuti iye amavutitsa atsikana, iye n'kumauza alendo m'Chijeremani kuti amayiwo akuthokoza. Laurenti, poyendetsa alendo, anatola Chijeremani chokwanira kudziwa kuti mawu aja si omwewo. M'mawa wa Lachiwiri uja Laurenti anati akamuneneza.

Namaona analamula kuti Ishaq atulutsidwe. Gogoyo anafunsa zomwe Stewart wanena. Margret, amene ntchito yake ndi kulankhula ngati mwini mawu, anatembenuka n'kuwauza m'Chijeremani, nkhope ili gwa: “Laurenti ndinamupha ndine.”