Uthenga wa Amayi pa Gulu la Kalasi

Mzime atangolowa m'kalasi, onse anangoti zii. Kenaka kumbuyo kunamveka mawu a amayi ake, akutuluka m'foni ya mnyamata wina wolongolola amene anzake ankamutcha Wailesi.

"Bambo a ana, mwadzuka bwanji kumeneko? Ife kuno tadzuka. Mbuzi ija yaswa. Koma mwana wanuyu musamuone kutalika, akugonabe atakumbatira jekete lanu lakale lija. Ndikati ndilichape amakana."

Kalasi yonse inafa nacho chiseko.

"Kajekete wafika!" anakuwa Wailesi, akumenya desiki. "Tatiuza mwana wa adadi, lero walisiyira ndani?"

Mzime anamva mutu kutentha. Netiweki inali itangofika m'mudzi mwawo chaka chomwecho, atamanga nsanja pachitunda. Bambo ake, amene ankagwira ntchito yomanga nyumba kutali, anatumiza foni imodzi ya banja lonse. Mzime ankalandirirapo manotsi pa gulu la kalasi, ndipo amayi ake ankajambulirapo mawu opita kwa amuna awo m'mawa uliwonse. Tsiku limenelo mawuwo anasochera, nakagwera pa gulu.

Ataweruka, Mzime anafika kunyumba mtima uli m'mwamba. Anapeza amayi akuchapa yunifolomu yake ina kuseri kwa nyumba.

"Amayi, mwandichita chiyani? Sukulu yonse ikundiseka! Nkhani za m'nyumba mwakazimwaza pa gulu la kalasi!"

Amayi anaweramuka, thovu likudontha m'manja. "Gulu litinso? Inetu ndinadina pamwamba penipeni, monga unandiuzira."

"Simunaone kuti palembedwa dzina lina?"

Amayi anangoyang'ana m'beseni. Mzime ankadziwa bwino kuti iwo sanapiteko kusukulu, koma mkwiyo unamutseka makutu.

"Foni si khasu loti aliyense n'kumangogwira! Ngati zinthu simukuzidziwa, zisiyeni. Musadzaikhudzenso!"

Amayi anapukuta manja pansalu yawo, analowa m'nyumba, natuluka ndi foni ija. Anaipereka ndi manja awiri ngati akupatsira mlendo. "Pepa, mwanangu," anatero, n'kubwerera pabeseni.

Masiku otsatira dzina la Kajekete linamumatirira ngati nkhupakupa. Wina analilemba pabolodi, wina analiimba panjira. Mzime ankati akafika kunyumba, ukali wonse ankathira amayi ake: kuyankha mogwetsa mawu, kumenyetsa chitseko. Madzi osamba ankawapezabe ofunda m'mawa, koma sankathokoza. Ankawaonanso amayiwo ataima pansi pa mtengo wa pakhomo, pamene netiweki imagwira bwino, manja ali chabe, milomo ikugwedera. Iye ankangopotoza khosi.

Tsiku lina pa nthawi yopuma, mtsikana wofatsa amene ankakhala naye desiki imodzi anamukoka dzanja.

"Kodi uthenga uja unaumvera mpaka kumapeto?"

"Nawenso wayamba? Ndisiye!"

"Sindikuseka ayi. Kumapeto amayi ako akupempherera bambo ako kuti asagwe pamakwerero, ndiponso iweyo ndi anzako tonse kuti tikhoze mayeso. Ine ndinausunga. Chimwalirireni amayi anga, palibe amene ndinamumvapo akundipempherera."

Mzime anatsegula buku, koma sanaonemo kanthu.

Madzulo ake akufufuza manotsi, pafoni panalowa uthenga wa bambo ake. Mawu awo anali olemera.

"Amake ana, mwangoti zii bwanji? Kodi mwadwala, mukundibisira? Kapitawo akuti ndikachoka pano asadzandionenso, koma ine sindikugona. Ndikapanda kumva mawu anu, Loweruka ndikwera basi."

Mzime anaumveranso uthengawo. Ntchito imeneyo bambo ake anaipeza movutikira. Ali chiyang'anire foni, dzina la bambo lili pamwamba penipeni, wina analemba nthabwala pa gulu la kalasi. Pomwepo gululo linalumphira pamwamba, dzina la bambo n'kutsikira pansi.

Apa Mzime anazindikira chimene chinachitika tsiku lija. Amayi ake anali atamupempha kangapo kuti awaphunzitse bwinobwino, iye n'kumangoti, "Aa, muzingodina pamwambapo," maso ali pa macheza a anzake. Sanawauzepo kuti maina amasinthana malo.

Anawapeza pakhonde akusoka batani.

"Amayi, bambo akufuna kusiya ntchito. Akuganiza kuti mwadwala. Ayankheni."

"Uwauze ndiwe kuti ndili bwino."

"Sakhulupirira ine. Akufuna mawu anu."

Amayi anapukusa mutu, osakweza maso. "Ndingakuchititsenso manyazi. Zala zangazi n'za kumunda."

Mzime anagwada pafupi nawo. Anayankhula motsitsa mawu. "Ndinakuphunzitsani molakwika ndine, amayi. Ndikhululukireni."

Anawachotsa singano m'manja, nagwira chala chawo chokhakhala chija. Anawaonetsa kuti pambali pa dzina lililonse pali kachithunzi, ndipo ka bambo ndi kaja avala chipewa cholimba cha kuntchito. Anatsitsa maina, kuwakweza, kuwasokoneza dala, n'kumawauza kuti awapeze okha. Poyamba anaphonya. Mzime anamva kaukali kakubwera, koma anakameza, nayambiranso.

Kenaka amayi anadzuka, napita pansi pa mtengo uja. Mzime anatsalira pakhonde kuti asamve. Anangowaona akuyankhula nthawi yaitali, dzanja lina lili pachifuwa.

Atabwerako anamutambasulira foni, nkhope ili ndi mantha. "Taona mwanawe, wapita kwa ndani?"

Mzime anabisa manja kumbuyo. "Onani nokha."

Amayi anayandikitsa foni kumaso, nayang'anitsitsa kachithunzi kaja.

"Kwa bambo ako," anatero.