Ndani Aponyerane ndi Ababa?

Odessa anali ndi khumbo limodzi. Ankafuna kuona bambo ake akusewera besibo, masewera oponya kampira ndi kukamenya ndi ndodo, m'bwalo lalikulu.

Bambo akewo dzina lawo linali Tate. Iwo anali munthu wakuda woyamba m'timu ya mumzinda wawo. Ena onse anali azungu.

Madzulo aliwonse, Odessa ndi bambo ake ankaponyerana mpira kuseri kwa nyumba. Mpira unkapita. Mpira unkabwera.

"Ababa, anzanu atsopano amaponya bwino?" Odessa anafunsa.

"Tawakha mpira, mwanawe," anatero a Tate. "Mafunso ngati wapolisi."

Loweruka linafika. Odessa anatenga golovu yake yaing'ono yowakhira mpira. Anapita kubwalo ndi amayi ake. Anakhala kumapeto, kumalo a anthu akuda, poti masiku amenewo akuda sankaloledwa kukhala pamodzi ndi azungu.

Masewera asanayambe, osewera amaponyerana mpira awiriawiri. Aliyense anapeza mnzake.

A Tate anayang'ana uku. Anayang'ana uko. Onse anawafulatira.

A Tate anapita pakhoma. Anaponya mpira pakhomapo. Khoma linabweza. Anaponyanso. Khoma linabwezanso.

"Khomalo ndiye mnzako!" anakuwa munthu wina. Anthu anaseka.

"Amayi, zimatere tsiku lililonse?" Odessa anafunsa.

"Tsiku lililonse, mwanangu," anatero amayi motsitsa mawu. "Sabata yachitatu ino."

Mtima wa Odessa unawawa kwambiri. Anatsika mpaka pampanda. Anavala golovu yake.

"Ababa," anaitana. "Ponyerani ine."

A Tate anatembenuka. Maso awo anali ofiira. Anaponya pang'onopang'ono. Odessa anawakha.

Koma misozi inamutseka m'maso. Anaponya mokhota. Mpira unagubuduka. Unagubudukabe. Unakaima paphazi pa a Novak, mzungu waimvi, wamkulu pa osewera onse.

Bwalo lonse linayang'ana a Novak.

"Ingoukankhani ndi phazi," anatero wosewera wina.

A Novak anatola mpira. Anayang'ana Odessa. Anayang'ana golovu yaing'ono ija. Anagwetsa nkhope.

"Ntchito yathu akugwira mwana," anatero. "Manyazi bwanji." Kenako anakweza dzanja. "A Tate, wakhani."

Mpira unapita. Mpira unabwera. Ena onse anafulatirabe. Koma a Tate sanabwererenso pakhoma.

Madzulo, Odessa anakhala pakhonde ali ndwii.

"Mmodzi yekha, Ababa," anatero. "Timu yonse ija, mmodzi yekha."

A Tate anakhala pambali pake. Anamupukuta misozi ndi chala.

"Suwerenga bwino, mwanawe," anatero. "Dzulo ndinali ndi khoma. Lero ndili ndi awiri. Woyamba ndiwe."

Amayi anatulutsa magolovu. "Fulumirani, chakudya chizizira," anatero akumwetulira.

Mpira unapita. Mpira unabwera.